Nkhoswe Pakati pa Joni ndi Mudzi



Pamene Sinodi ilikukumbukira zaka za ulendo wake, nkoyenera kuti ikumbukirenso mseu umene ana ake ambiri ayendamo, ndiwo mseu wa ku Joni. Uthenga Wabwino unafika pa Mvera m'chaka cha 1889 ndi Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, ochokera mu mpingo wa Dutch Reformed wa ku Cape. Sipanapite zaka zambiri, anyamata a m'midzi yomwe ija anayamba kuyenda njira yomweyo chobwerera, kuloza kumwera, kukafuna ndalama ya msonkho, nsalu ndi njinga. Ena anathera ku Halale, ena m'minda ya fodya, ena napyola mpaka ku migodi ya golidi ya ku Johannesburg. Mpingo wa masiku amenewo sunaŵayese otayika anthu aŵa. M'chaka cha 1912 Mbusa Vlok anasamukira ku Salisbury kukaŵeta Akhristu amene anapita kumeneko, ndipo pa mbeu imeneyo panamera Sinodi imene lero itchedwa ya Harare, yoloŵa mu CCAP m'chaka cha 1965.

Koma tsono munthu wa ku Joni amene mpingo unazoloŵera kumpempherera kulibenso. Uja anali mwamuna wa Wenela, wolembedwa dzina pa depoti, woyezedwa m'thupi, wokakhala m'komponi ya amuna okhaokha, mkazi ndi ana atatsala kumudzi. Ntchito yake inali ya miyezi yoŵerengeka, ndipo gawo lina la malipiro ake linkasungidwa kuti adzalandire atabwerera kwao. Moyo umenewo unali woŵaŵa, ndipo nkhalamba zimene zinabwerako ndi chifuŵa cha fumbi la mgodi zingachitire umboni. Komabe unali ndi malire ake. Mlamu sakadatha kukagogoda pa chipata cha komponi, ndipo kalata yopempha ndalama inkayenda milungu ingapo isanafike. M'chaka cha 1973 Amalaŵi oposa 100,000 anali m'migodi ya dziko lija. Pa 4 April 1974 ndege ya Wenela inagwa pa Francistown ku Botswana, nipha anthu oposa 70, ochuluka a iwo Amalaŵi obwerera kwao, ndipo Dr. Kamuzu Banda analetsa kulemba anthu a ku migodi. Kulembako kunayambanso m'chaka cha 1977 m'dzina la TEBA, limene anthu analitcha Theba, koma opita anali ochepa, ndipo kunatha m'chaka cha 1988 pa mkangano wa kuyeza magazi a Edzi.

Khomo la mgodi linatsekeka, koma mseu sunamere udzu. Malamulo a mapasi anachotsedwa m'chaka cha 1986, boma la tsankho linatha m'chaka cha 1994, ndipo anthu anapitirira kupita, tsopano mwa iwo okha, monga ankachitira a selefu kale, amuna ndi akazi omwe. Amene anapita ali anyamata ndi atsikana m'zaka zimenezo, lero ndi makolo a zaka zapakati, okhala ndi ana a sukulu pambali pao ndi makolo okalamba kumudzi. Ameneŵa ndiwo eni nkhani ino.

Nthumwi ziganizire kholo limodzi la mtundu umenewu, pakuti ofanana nalo ngambiri m'mapemphero a CCAP mu Johannesburg. Ndi bambo woti imvi zayamba kuoneka, kwao ndi cha ku Dedza. Amasamala maluŵa ndi kapinga pa nyumba zitatu za ku Fourways, iliyonse tsiku lake, pa ntchito imene dzina lake lomwe limamutcha mnyamata chikhalirecho ali ndi mwana wotha msinkhu. Amagona ku Diepsloot, mudzi umene unayamba m'chaka cha 1995 kumpoto kwa mzinda, moyang'anana ndi mipanda ya anthu olemera a ku Dainfern. Mkazi wake amagwira ntchito ya m'nyumba ku Randburg, nagona komweko m'kachipinda ka kuseri, ndipo amafika pa banja lake Loŵeruka masana, kubwerera Lamulungu madzulo. Ana aŵiri ali nao ku Joni; wachisamba anatsala ndi agogo ake kumudzi, ali ku sekondale.

Bamboyo amadzuka 4 koloko. M'miyezi ya June ndi July, pamene chisanu cha dziko lija chimaumitsa madzi m'ndowa, amaima pa mzere wa matekisi kuli mdima, nabwerako kulinso mdima. Kiyi wa nyumba amasunga ndi mtsikana wa zaka 12, amene amamperekeza mng'ono wake ku sukulu, namphikira nsima pa pulayimasi, natseka chitseko dzuŵa likamaloŵa monga anamlangizira. Mai wake nthaŵi yomweyo alikusambitsa ana a eni, alikudziŵa chimene mwana wa bwana sadya ndi nyimbo imene amagona nayo, koma za kutentha thupi kwa mwana wake amazimva pa foni.

Malamulo a dzikolo sanamuiŵale konse wantchito wotere. Pa 1 January 2019 boma linaika malipiro ochepetsetsa a marandi 20 pa ola. M'chaka cha 2022 antchito a m'nyumba analinganizidwa ndi anzao onse, ndipo m'chaka cha 2025 malipirowo anafika pa R28.79. M'chaka cha 2020 bwalo lalikulu loona za malamulo a dziko linagamula kuti wantchito wa m'nyumba akavulala kapena kufera pa ntchito, ayenera chipepeso monga wina aliyense. Koma lamulo limathandiza munthu wokhoza kukaima pabwalo. Mmalaŵi amaloŵa m'dzikomo ndi chilolezo cha mlendo cha masiku 30, chosamlola kugwira ntchito, ndipo amene masiku ake anatha kalekale amadziŵa kuti kutsutsana ndi bwana kungathere ku Lindela, ku Krugersdorp, kumene amasungako anthu oyembekeza kubwezedwa kwao. Chotero amalandira chimene wapatsidwa, nathokoza. Pa ndalama imeneyo pachoke lendi, tekisi, ufa, parafini ndi yunifolomu. Kotsalako ndiko kamene mudzi wonse ulikukayang'ana.

Kalata ya milungu itatu ija inasanduka foni ya m'thumba. Mwezi usanathe, foniyo imayamba kulira. Amai ake adwala, afunika galimoto ya ku chipatala. Mwana wa mlongo wake wapeza malo ku koleji. Mvula ili pafupi ndipo feteleza sanagulidwe. Mng'ono wake ali ndi mlandu wa malire a munda. Mphepo yasasula denga. Kwagwa maliro, ndipo dzina lake latchulidwa kale kuti bokosi ligula ndi iye. Popeza ndalama yotumizidwa pa Mukuru imafika tsiku lomwelo, palibenso chonamizira kuti ikali m'njira. Namondwe wa Freddy atasakaza chigawo cha kumwera m'mwezi wa March 2023, ndiponso kwacha itagwetsedwa ndi 44 pa 100 m'mwezi wa November chaka chomwecho, opempha anachuluka. A kumudzi anaŵerenga kuti randi imodzi tsopano ibala makwacha ambiri, nayesa kuti mbale wao walemera usiku umodzi. Sanaŵerenge kuti thumba la feteleza limene amalifunalo lakwera nalonso, ndi kuti malipiro a mbale waoyo ali pomwepo.

Opemphaŵa sayenera kunenedwa ngati adani. Ambiri a iwo njala yao njeniyeni, ndipo ena ndi omwewo amene anagulitsa mbuzi kuti iyeyu apeze pasipoti. Chibale ndi fupa, sichiola. Chovuta nchakuti aliyense amaimba payekha, osadziŵa kuti mnzake waimba kale, ndipo palibe munthu mmodzi kumudzi amene anaonapo mapempho onsewo ataikidwa pamodzi.

Pagona nkhani mpapa, ndipo Sinodi yokhala pakati pa Acheŵa iyenera kuimvetsa koposa wina aliyense. Pa mwambo wa makolo mwamuna ameneyu ali ndi maudindo aŵiri. Kwa ana obala yekha ndi bambo. Kwa alongo ake ndi ana ao ndi mwini mbumba, mtsibweni amene mlandu, matenda ndi ukwati wa mbumbayo zimafikira pa iye. Kumudzi maudindo aŵiriŵa sankalimbana kwambiri, chifukwa ana ake omwe anali ndi atsibweni ao kuchikazi, ndipo katundu ankagaŵanika: iye asenza ana a mlongo wake, mlamu wake asenza ana a iyeyo. Ndiponso mwini mbumba sankadyetsa mbumba ndi ndalama ai. Ntchito yake inali kuŵeruza, kupempha malo kwa amfumu, kuimira anthu ake pabwalo, kuyala maliro. Mbumba inkadya za m'munda mwake. Lero minda yachepa, nthaka yaguga, ndipo umwini mbumba wasanduka ngongole ya mwezi ndi mwezi. Mlamu uja amene akadasenza ana ake, nayenso ali pa mzere womwewo wa opempha. Mwambo unatsala theka: mbali yolandira ilipo, mbali yobwezera inafa.

Nanga nyumba ya ku Joni njotani? Si ya chikamwini, pakuti mwamuna sanamange pa dothi la apongozi ake. Si ya chitengwa, pakuti mkazi sanatengedwe kunka kumudzi kwa mwamuna. Ili pa malo a lendi, pamene palibe mbali imene ili mwini. Munthu akadayesa kuti pamenepo banja lapeza mpumulo, koma chochitika nchakuti mbali zonse ziŵiri zimaiyesa yao. Akuchimuna amati mwana wao ndiye anatsogola kupita, mkaziyo anangotsatira. Akuchikazi amati ana ali m'nyumbamo ngao, ndipo mwana wao wamkazi amalandira malipiro akeake. Motero mwamuna amatumiza kwa mlongo wake mobisa, mkazi natumiza kwa amai ake mobisa, aliyense ndi kathumba kake, kufikira tsiku limene wina aona uthenga wa risiti pa foni ya mnzake. Akulu a mpingo akaitanidwa usiku kukaleretsa ndeu m'banja lotere, kaŵirikaŵiri amapita ndi uphungu wa za moŵa kapena za chigololo, napeza kuti gwero lake ndi marandi 500 amene anapita ku mbali imodzi. Onse aŵiri anachita chokoma kwa abale ao, ndipo onse aŵiri ananamizana.

Opempha pa foni ali kutali; koma alipo ena obwera ndi thupi. Basi yochokera ku Malaŵi imadzera ku Tete, Nyamapanda, Harare ndi Beitbridge, ulendo wa masiku aŵiri, nitsitsa anthu pa Park Station. Palinso otchedwa matransipota, amene amatenga munthu pa ngongole kuti wolandira akalipire. Kholo lija lili pakati pa ntchito limangomva kuti mphwake wafika, libwere ndi ndalama likamtenge. Nthaŵi zina linauzidwa. Nthaŵi zina a kumudzi anagwirizana okha, podziŵa kuti akafunsa akanizidwa, koma mwana akafika sangabwezedwe. Akale anati mlendo ndi mame. Mlendo wa ku Joni ndi mame osakamuka, pakuti amakhala mwezi, miyezi isanu, chaka, kufikira atapeza ntchito.

Pamenepa pali zinthu ziŵiri zimene abusa sayenera kuzichitira manyazi. Kumudzi mnyamata wosinkhuka amagona kumphala, mtsikana kugowelo kapena kukuka kwa agogo ake. Makolo anadziŵa chifukwa chake. Ku Diepsloot chipinda nchimodzi, chogaŵidwa ndi nsalu. Mnyamata wa zaka 22 wosoŵa ntchito amatsala tsiku lonse ndi mtsikana wa zaka 12 uja wosunga kiyi, bambo ali ku Fourways, mai ali ku Randburg. Ochuluka a anyamata ameneŵa ngolongosoka, koma choipa chikachitika chimakwiriridwa, chifukwa wochimwa ndi mbale ndipo banjalo limaopa apolisi. Alangizi a mpingo amene amaphunzitsa ana aulemu wa kwa akulu, aphunzitsenso makolo kuti kukana mlendo chifukwa cha mwana wamkazi si kuuma mtima. China nchakuti chuma chenicheni cha Mmalaŵi mu mzinda uja ndi mbiri yake ya kukhulupirika, imene inamangidwa ndi mibadwo ya ophika, osamala minda ndi osoka zovala, kotero kuti olemba ntchito ena amachita kufunsa Mmalaŵi. Kholo likampezera ntchito mphwake, limapereka dzina lake ngati chikole. Mnyamatayo akaba kapena akathaŵa, ntchito zimatha ziŵiri.

Koma a ku Joni nawonso si osalakwa, ndipo kuŵachitira chifundo kokha kungakhale kuŵanyenga. Ndani anaphunzitsa mudzi kuti ku Joni ndalama amatola? Ndi iwo eni. Wa Wenela ankafika ndi sutikesi, chipewa ndi wailesi, osasimba za kutentha kwa pansi pa nthaka. Mdzukulu wake amajambulitsa ataima pambali pa galimoto ya bwana, natumiza chithunzicho kumudzi. M'mwezi wa December amafika ndi ngolo ya katundu, mafiriji ndi mipando, nagula zakumwa pa sitolo kuti onse aone, pamene theka la ndalamayo ndi katapila amene adzabweza mpaka April. Sanena kuti amagona m'kanyumba ka malata. Sanena kuti amabisala akaona galimoto ya apolisi. Amaopa kuti anzake amene anatsala akulima adzamseka, kuti anapitiranji. Tsono munthu amene wadzionetsa ngati Yosefe wa ku Ejipito asadabwe abale akabwera ndi matumba. Yosefe uja anali ndi nkhokwe za Farao ndi dziko la Goseni loti aikemo abale ake. Uyu ali ndi chipinda chimodzi ndi malipiro a pa ola. Bodza la wopita ndi kusadziŵa kwa wotsala zimadyetsana, ndipo pakati pake pamaphwanyika thupi la munthu: kuthamanga kwa magazi, kusoŵa tulo, ukali pa ana, mwinanso botolo.

Ana a m'nyumba imeneyi ali ndi mlandu wao, ngakhale saimba foni. Wotsala kumudzi amakula akudziŵa makolo ake ngati mau ndi ndalama. Akaphonya mayeso amadzudzulidwa ndi anthu amene sanaonepo kope lake. Obadwira ku Joni amalankhula Chizulu, Chisutu ndi Chingerezi, koma kubadwira m'dzikomo pakokha sikuŵapatsa unzika, ndipo ambiri anavutika kupeza malo ku sukulu kufikira bwalo la milandu la ku Makhanda linagamula m'mwezi wa December 2019 kuti mwana asakanizidwe sukulu chifukwa chosoŵa mapepala. Makolo ao akukumbukira May 2008, pamene chipolowe chothamangitsa alendo chinayamba ku Alexandra, nichifalikira ku Diepsloot ndi madera ena, nichipha anthu 62. Akukumbukiranso 2015 ndi 2019. Nchifukwa chake mai amamuuza mwana kuti asalankhule Chicheŵa m'tekisi. Mai yemweyo amalira mumtima pamene mwanayo alephera kupereka moni kwa agogo ake pa foni, ndipo agogowo amati mpongozi walera ana mwachilendo. Mwana wotere kwao nkuti? Mneneri Yeremiya analembera andende a ku Babiloni kuti amange nyumba, alime minda, akwatitse ana, ndi kufunira zabwino mudzi umene akhalamo. Makolo ambiri a ku Joni akhala zaka 20 akunena kuti chaka chamaŵa abwerera, akumanga nyumba ya njerwa kumudzi imene mukugona mileme, pamene ana ao akukulira m'malata. Mtumwi Paulo polembera Akorinto kachiŵiri anakumbutsa kuti makolo ndiwo amasungira ana chuma. Ana a m'nyumbamo sangakhale omalizira pa mzere chifukwa chokha chakuti iwo sadandaula.

Za maliro zinganenedwe mwachidule, ngakhale ndizo zimamaliza ndalama koposa zonse. Pa 31 August 2023 moto unapsereza nyumba ya Usindiso ku Marshalltown, pakati pa mzinda, nupha anthu 76, ena mwa iwo Amalaŵi. Ndipo mabanja amene analibe ndi ya lendi yomwe anayamba kufunafuna njira yotumizira mitembo kwao. Zimenezi zimachitika mwakachetechete mwezi uliwonse. Kunyamula thupi kudutsa malire atatu kumadya malipiro a miyezi yambiri, ndipo mudzi umati mwana wao akagone pa manda a makolo. Chikhumbo chimenechi sichachikunja. Yakobo analumbiritsa Yosefe kuti akamuike ku Kanani. Koma Abrahamu anagula manda a Sara m'dziko limene iye anali mlendo, ndipo Rakele anaikidwa pa njira. Abusa anganene poyera kuti Mkhristu woikidwa ku Avalon kapena ku Westpark adzauka tsiku lomwelo ndi woikidwa pa Nkhoma. Banja limene lingathe, litumize. Limene silingathe, lisatchedwe lotaya mbale, ndipo ana amasiye asayambe umasiye wao ndi ngongole. Magulu a chipereganyu ndi mabungwe a maliro amene anthu akhazikitsa okha ngoyamikika, ndipo mpingo uŵalimbikitse kuti mabuku ao azikhala oyera.

Nanga mpingo wanena chiyani kwa kholo limeneli? Wanena mbali imodzi, ndipo wainena bwino. Walalikira lamulo lachisanu. Wakumbutsa m'mene Ambuye anadzudzulira Afarisi olanda makolo thandizo ponamizira chopereka cha kwa Mulungu. Waŵerenga chaputala 5 cha kalata yoyamba ya kwa Timoteo, pamene wosasamala a pa banja lake aŵerengedwa ngati wokana chikhulupiriro. Zonsezi nzoona, ndipo machona amene anasiya akazi ndi ana osatumiza ngakhale moni ayenera kuzimvabe. Koma kholo la ku Diepsloot si mtchona. Tchimo lake si kuiŵala abale. Ndi kulephera kunena zoona ndi kulephera kunena kuti ai. Kwa iye Malembo ali ndi mau ena amene samveka kaŵirikaŵiri pa guwa. Paulo yemweyo, posonkhetsa thandizo la osauka a ku Yerusalemu, anafotokozera Akorinto kuti cholinga sichinali chakuti ena apepukidwe pamene anzao akulemedwa, ndi kuti munthu apereke molingana ndi chimene ali nacho. Kwa Atesalonika analemba mau olimba pa anthu okhoza kugwira ntchito amene amadya za ena. Ndipo Yetero ataona Mose ali yekha ndi milandu ya anthu onse kuyambira m'maŵa mpaka madzulo, sanamyamikire. Anamchenjeza kuti adzalefuka iye pamodzi ndi anthuwo. Mutu umodzi susenza denga. Maulaliki ameneŵa malo ake ndi kumudzi, kumene kuli opempha, ndipo ayenera kulalikidwa kumeneko.

Kunena zoona, mpingo nawonso waima pa mzere uja. Pomanga tchalitchi kapena nyumba ya mbusa, komiti imayamba ndi kulemba maina a ana a mpingo amene ali ku Joni, niŵagaŵira matumba a simenti ndi malata asanafunsidwe. Wopereka amatchulidwa dzina pa chilengezo, wosapereka amai ake amachita manyazi pa benchi. Mpingo umene sunatumizepo mkulu kukafunsa m'mene munthuyo akukhalira, ulibe nkhope yomtumizira pepala la zopereka.

Ntchito yoyenera mpingo pa nkhani imeneyi ili ndi dzina lake m'mwambo wa Acheŵa, ndilo unkhoswe. Nkhoswe ndi munthu wodziŵa mbali zonse ziŵiri, wololedwa kunena chimene eni ake sangauzane maso ndi maso. Boma la Malaŵi lili ndi akazembe ake, mabanki ali ndi nthambi zao, koma palibe bungwe lina limene lili ndi mkulu wake ku Diepsloot ndi mkulu winanso m'mudzi wa ku Dedza, onse aŵiri oimba nyimbo za m'buku limodzi. Mwana sangauze amai ake kuti ndalama yatha. Mwambo sumlola, ndipo amaiwo sangakhulupirire. Koma mkulu wa mpingo wa kumudzi, atamva kwa mnzake wa ku Joni m'mene banjalo likhalira, angathe kusonkhanitsa mbumba pa khonde, naŵerengera onse poyera: malipiro ndi aŵa, lendi ndi iyi, chotheka pa mwezi ndi ichi, tsono mugwirizane nokha kuti chiyambe nchiti, mankhwala a amai kapena feteleza, ndipo woimba foni akhale mmodzi. Angathe kunena kuti mnyamata asakwere basi wolandira asanavomere. Mbali inayo, mkulu wa ku Joni angathe kukhazika pansi mwamuna ndi mkazi kuti aike ndalama zao poyera, nagaŵire mbali zonse ziŵiri onse akuona. Amai a Chigwirizano, a Mvano ndi a Umanyano, amene ku Joni amakhala moyandikana, angathe kudziŵa nyumba zimene ana amatsala okha masana.

Unkhoswe wotere sungayambe ngati mipingo ya mbali ziŵirizi silemberana. Mkhristu amachoka kumudzi kalata yake ya mpingo itatsala m'kabati ya mlembi, dzina lake likuŵerengedwabe pa chiŵerengero cha chaka; ku Joni amakhala mlendo pa benchi yakumbuyo zaka khumi. Presbiterio iliyonse ingathe kufunsa mipingo yake kuti ndi angati ali kunja, ali kuti, ndipo kalata zao zinatumizidwa kwa yani. Abusa a ku Joni nawo aganizire za nthaŵi ya mapemphero, pakuti mai amene ali ndi Lamulungu lokha loti achape, aphike, aone makope a ana ndi kukhala ndi mwamuna wake, akatha maola asanu m'tchalitchi ndi aŵiri m'tekisi, mpingo wamlanda tsiku lokhalo limene banja lake linali nalo. Wogwira ntchito Lamulungu mokakamizidwa asayesedwe wozilala. Amfikire ku mlaga pakati pa mlungu.

Patsala nkhani imene mabwalo a akulu a mpingo akhala akuizemba. Mabanja ambiri a ku Joni anayamba popanda ankhoswe, osati chifukwa cha kunyoza mwambo, koma chifukwa atsibweni a mbali zonse ali kutali masiku aŵiri a basi, ndipo wopanda mapepala akatuluka m'dzikomo sadziŵa ngati adzaloŵanso. Anthu aŵa akhala pamodzi zaka 15, alera ana, adyetsa midzi iŵiri, amanga nawo matchalitchi a kwao, koma pa Mgonero wa Ambuye amangopenya, ndipo ana ao ena sanabatizidwe. Masiku ano mtsibweni angathe kulankhula ndi kuonana ndi mnzake pa foni ali pa khonde lake, mbusa wa kumudzi ali pomwepo ngati mboni, ndipo akulu aŵiri a mpingo wa ku Joni angathe kuimirira m'malo mwa ankhoswe pa tsiku la kudalitsa ukwati, ndi pa tsiku la ndeu lomwe. Ngati Zolamulira sizinanene kanthu pa njira imeneyi, komiti yoona za mabanja iitenge, ikambirane ndi Sinodi zinzake zimene zili ndi nkhosa mu mzinda womwewo, nibwere nayo ku msonkhano ukudzawo.